Pa Makina Okulunga Pakufunika Munthu Mmodzi

Okondedwa achimwene,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, inu ndi alamu pamodzi ndi ana. Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kufika kumunda, kapena akungolamula ali pakhonde? Ine kuno thupi lili bwino, mtima wokha ndiwo sunakhazikike. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa pafoni mumandidula mawu ndisanafike pamutu pa nkhani, pamene nkhani iyi ikufunika muimve yonse.

Mukudziwa kuti chaka chatha anandikweza kukhala kapitawo wa pakhomo lotulutsira katundu kudepoti kuja. Katundu wathu ndi wosakanikirana: zitini za penti, makatoni a sopo, mabotolo a mafuta, matumba a guluu womatira matailosi. Timamusanja pa mapaleti, timabedi tamatabwa tija timene galimoto ya mafoloko imalowetsa nyanga zake kunsi n'kunyamula. Paleti isanakwere m'lole imayenera kukulungidwa ndi pulasitiki wotanuka kuti katundu asagumuke panjira.

Mpaka mwezi wathawu ntchito imeneyi inali yamanja. Munthu ankagwira mpukutu wolemera ngati mwana wa miyezi itatu n'kumazungulira paleti, poyamba atawerama, kenako ataimirira, pomaliza manja ali pamwamba pa mutu. Ikatha imeneyo, ina ili kale pamzere. Pofika masana makoma amakhala akuyenda okha.

Okulunga anali atatu. Oyamba ndi bambo achikulire amene timawatchula a Nguli, poti azungulira mapaleti zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Eni ake amati ngakhale mpando wa kunyumba kwawo amayamba auzungulira kenako n'kukhalapo. Achiwiri ndi mayi amene timawati a Nesi, chifukwa m'thumba mwawo simusowa mapiritsi a mutu ndi mafuta opaka msana. Wachitatu ndi msuweni wathu, bambo wa mapasa, amene ndinamuitanitsa ndekha zaka ziwiri zapitazo ndipo wakhala akugona pabalaza panga.

Tsiku lina kutatentha, a Nguli anachita chizungulire n'kugwera kumbuyo kwa galimoto ya mafoloko ikubwerera m'mbuyo. Woyendetsa anaponda buleki tayala litatsala pang'ono kugwira phewa lawo. Iwo anadzuka akuseka, akuti amangofuna kuona ngati pansi pasesedwa bwino. Abwana anaona zonse ali pawindo la ofesi. Mawa lake anandiitana n'kundiuza kuti zokulunga pamanja zatha, tigula makina, ndipo popeza katunduyo ndimamudziwa ndine, ndikasankhe ndine.

Achimwene, ndinapita kwa ogulitsa makina ndisakudziwa kanthu. Anandionetsa mitundu iwiri. Ena amadzichitira zonse okha: paleti imabwera pa lamba, amaikulunga, amadula pulasitiki, n'kuitulutsa mbali ina popanda dzanja la munthu. Ena amagawana ntchito ndi munthu: iwe umaikapo paleti, umamangirira nsonga ya pulasitiki pathabwa, umadina batani, makina n'kukulunga, pomaliza umadula n'kumata. Mwa ogawana ntchitowa, ena ali ndi chimbale chachitsulo pansi chimene chimazungulitsa paleti pamene mpukutu ukukwera ndi kutsika pa mzati. Ena paleti imakhala chilili, umazungulira ndi mkono wolendewera kumwamba.

Wogulitsayo anali wa pakamwa potsekemera, nsapato zake zowala ngati sanapondepo fumbi. Anaika pachimbale makatoni ofanana bwinobwino, osanjidwa ngati njerwa, makina n'kuwakulunga mokongola. Ndinamufunsa kuti m'makatonimo muli chiyani, iye anavomera akuseka kuti mulibe kanthu. Ndinamuuza kuti ndibweranso ndi katundu wathu weniweni, chifukwa mkwatibwi samuonera pa tsiku la ukwati.

Lachinayi lake ndinapempha lole ndipo tinakweza mapaleti atatu ovuta kuposa onse. Ndinatenga a Nguli ndi msuweni. Paleti ya mabotolo a mafuta itangoikidwa, chimbale chinanyamuka mwamphamvu, katoni yapamwamba n'kutsetsereka, msuweni anachita kuiwakha. A Nguli anati katundu wotere samudzidzimutsa, makinawo ayambe pang'onopang'ono ngati munthu wosenza madzi, ndipo azungulire katatu pansi mogwira thabwa lomwe asanakwere. Wogulitsa anasintha monga ananenera, mabotolo anaima nji.

Pa makatoni a sopo pulasitiki anakoka kwambiri mpaka ngodya zinaphwanyika, ndiye tinaphunzira kuti pamafunika posinthira kukoka kwake. Pa matumba akuda a guluu, kadiso kamene kamaona msinkhu wa katundu sikanawaone, mpukutu unangoima pakati ngati paleti yatha. Wogulitsa anatuluka thukuta, kenako anavomera kuti pali kadiso ka mtundu wina koona zakuda, ndipo ndinamuuza kuti akalembe papepala ndikuona.

Koma amene anafunsa mafunso anzeru kuposa tonse ndi msuweni. Anati galimoto ya mafoloko tili nayo imodzi ndipo nthawi zambiri imakhala ikupakira malole, choncho pakufunika chokwererapo chotsetsereka kuti munthu azikankhira yekha paleti pachimbale ndi jeke yamanja. Anafunsa kuti makina akaima amabwera kudzakonza pakapita masiku angati, ndiponso ngati zitsulo zake zimapezeka pafupi kapena mpaka kuitanitsa kutali. Anayeza chimbale ndi mapazi ake n'kundiuza kuti pakhomo pathu chikwana tikasuntha shelefu imodzi. Ndinamunyadira, achimwene. Pobwerera m'lole tinkaseka tonse.

Ndinakhala pansi n'kulingalira. Ife timatulutsa mapaleti makumi asanu ndi awiri patsiku, ndipo palibe awiri ofanana. Makina odzichitira okha aja ndi a anthu otulutsa mazanamazana a katundu wa mtundu umodzi, komanso malo ake tilibe. A mkono aja ndi abwino pa katundu wolemera kwambiri kapena wogwedera, koma amadya malo ambiri. Ndinasankha a chimbale, oyamba pang'onopang'ono, okhala ndi chokwererapo, ndiponso otanula pulasitiki asanafike pakatundu kuti mpukutu uzikhalitsa. Mumtima ndinkati ndachita bwino, chifukwa makina amenewa amafunabe munthu.

Chimene sindinafune kuchiyang'ana n'chakuti amafuna munthu mmodzi.

Abwana anandiuza zimenezi makina atatsala sabata ziwiri kufika. A Nesi anawasamutsira kolemba ndi kumata zikwangwani za katundu, poti dzanja lawo ndi labwino ndipo amene analipo anapita kokabereka n'kunena kuti sabweranso. Anatsala a Nguli ndi msuweni, malo ndi amodzi. Ndinachonderera kuti onse akhale, wina azithandiza kusanja. Abwana si munthu wouma mtima, anandimvetsera mpaka kumapeto, koma anati osanja alipo okwana, ndipo popeza kapitawo ndine, ndinene ndine dzina.

Panapita masiku atatu ndisanatchule dzina. A Nguli anainunkhiza nkhaniyo n'kunditsatira kumpopi kumene timasamba m'manja. Anati mwana wanga, musavutike, mupatseni mnzanguyo, ali ndi mapasa oyamwa, ine ndadya kale zanga. Ndinawafunsa kuti akachoka apita kuti. Anangoti aona. Achimwene, ine ndinafikako kwawo. Ndi chipinda chimodzi, mayi akunyumba anafa ziwalo mbali imodzi, amachita kuwatembenuza, ndipo pali adzukulu awiri amasiye. Munthu wa imvi, wa msana wopindika, angagogode pageti liti n'kumutsekulira? Pamene msuweni ali ndi mphamvu, amawerenga, ndipo chinthu akachiona kamodzi wachigwira.

Ndinatchula a Nguli kuti ndiwo atsale. Musaganize kuti ndinaopa kunenedwa kuti ndakondera m'bale wanga. Zimenezo zinandidutsa m'mutu, sindikana, koma sindizo zinandilamula. Ndinangoona kuti pa awiriwa, amene angagwe n'kudzukanso ndi msuweni.

Ndinamuuza ndekha pa nthawi yopuma masana, titakhala pa paleti yothyoka kuseri kwa depoti. Sanakalipe. Anaseka pang'ono n'kunena kuti kani ankanola yekha mpeni womuchekera. Kenako anandikumbutsa kuti amayi atagonekedwa m'chipatala chaka chija, amene anandibereka kumsana miyezi isanu ndi azakhali, mayi ake. Zimenezo n'zoona. Ndinati ndikhululukire, iye anati belu lalira, n'kudzuka.

Chimene anachita sabata yake yomaliza ndikufuna muchidziwe, chifukwa ena sadzakuuzani. Makina atafika, a Nguli ankawaopa. Zilembo za pamabatani ndi zazing'ono, maso awo sazionanso, ndipo ankangoima patali manja ali kumbuyo. Msuweni anagula yekha matepi amitundumitundu n'kumata pa batani lililonse: wobiriwira poyambira, wachikasu pa katundu wosalimba, wofiira poimitsira. Anawagwira dzanja kuwadinitsa kambirimbiri mpaka anazolowera, uku akuwaseka kuti tsopano nguli yapuma, ikuzungulira ndi paleti. A Nguli analira, anthu onse akuona. Ine sabata yonseyo sanandilankhule ngakhale liwu limodzi. Loweruka ndinapeza wapinda bulangeti langa bwinobwino pampando, kiyi wasiyira mayi oyandikana nawo khomo.

Pano akukhala ndi mnzake wina kuseri kwa siteshoni ya mabasi, ndipo akugwira maganyu otsitsa katundu m'malole. Ndinamuona Lachiwiri ali patali, thumba lili paphewa, wachepa thupi pang'ono. Makina akugwira bwino, palibe paleti yagumukapo panjira chiwagulireni, ndipo a Nguli amaweruka akuyenda mowongoka. Koma ndikamva chimbalecho chikulira, sindikondwa monga ndinkayembekezera.

Azakhali anamva kale. Ananditumizira mawu kudzera kwa mkazi wa msuweni kuti iwo analera njoka, ndipo pa maliro awo ndisadzavutike n'kubwera. Sindikuwaimba mlandu. Mwana wawo ndi yekhayo wamwamuna, ndipo amene wamuchotsa ntchito ndine.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Mupite nokha kwa azakhali, osatuma mwana, mukawawerengere kalatayi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Woyendetsa galimoto ya mafoloko akupuma ntchito kumapeto kwa chaka chino, ndipo abwana anati msuweni akakhala ndi chiphaso choyendetsera adzamuganizira. Sanalonjeze, ndipo inunso musakalonjeze. Kusukulu yosula oyendetsa akufuna satifiketi yake ya kusukulu, imene ili m'sutikesi ya azakhali. Iye sangaipemphe, mukumudziwa mtima wake, ndipo kwa ine sangailandire. Ikatuluka muitumize kwa ine, ndidzapereka kwa a Nguli kuti akamupatse ndiwo. Kwa iwo sangabweze dzanja.

Paja amati chibale ndi fupa, sichiola. Ndikukhulupirira choncho, ngakhale kuti pakali pano fupalo landiima pakhosi.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti asadandaule, ndikudya. Moni kwa alamu, kwa ana onse, kwa amalume ndi akunyumba kwawo, ndiponso kwa achemwali ngati abwerako kwa apongozi awo. Mkazi wa msuweni ndi mapasa muwaonenso, mundiuze ngati ana ayamba kuyenda.

Azakhali okha musayambe ndi moni wanga, ayambe amva kalatayi. Akafuna kutukwana alekeni atukwane, musandiikire kumbuyo ndipo musadzuke msanga. Mudzandilembere mawu awo onse monga momwe adzanenere, osachotsapo owawa. Ndi mayi anga, ndiwamva.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa amayi