Atate Alowanso m'Belo la Thonje

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji ku Kitweko ndi alamu? Kuno ku Chipangali tadzuka bwino.

Paja chitulukireni m'chipatala atate samapondera mwendo wamanzere uja. Loweruka ndinkatsendera thonje m'belo ndi manja, iwo akuonerera pamkeka. Kenaka anati, "Iwe Tisa, ukutsendera thonje kapena ukusisita khanda?"

Anatsamiritsa ndodo pamtengo, natilamula anafe kuti tiwalowetse m'belomo. Amayi anakuwa kuti atuluke, koma iwo anapondaponda uku akuimba, mpaka belo linalimba gwa! Atatuluka anayenda okha kukafika kunyumba, ndodo ataiiwala pamtengo paja.

Nsapato munkazengereza kuwagulira zija, tumizani tsopano. Eni ake ayamba kuyenda.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Tisa