Pampu ya Oyilo ndi Zala za Amalume

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse kumeneko. Kodi mwendo uja wasiya kutupa? Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima sunakhale pansi.

Nkhani ndi ya amalume, alongo anu. Mwezi watha kugalaja kunabwera minibasi yonyamula ana asukulu, nyali ya oyilo ikuyaka. Amalume anamasula pampu ya oyilo nagwedeza ndi zala kachitsulo kozungulira ka pakati, kamene timati shafti. Anati kakadali bwino, naibwezera. Ine ndinaona kuti kakugwedera, koma ndinachita manyazi kuwatsutsa pagulu, poti ntchitoyi anandiphunzitsa ndi iwowo.

Patapita masiku anayi injini inanoka, n'kuferatu pachitunda, ana ali momwemo. Mwamwayi dalaivala anaimika pambali, palibe anavulala.

Mwini galaja anandiuza kuti ndiyeze pampuyo ndi chipangizo. Amayi, shafti imafuna kampata kochepa koti izizungulira bwino, kosaposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Mpata ukakula, oyilo amathawira pomwepo osafika m'injini. Iyi inali itadyeka moti mpatawo unaposa katatu. Abwana atandifunsa, ndinanena zimene ndinapeza. Amalume anali chiimire pambali panga, akupukuta sipanala yoyera kale.

Ntchito sanawachotse, koma anawauza kuti azikhala pageti, azilemba manambala a magalimoto olowa. Munthu amene kwa zaka makumi atatu ankadziwa matenda a injini pongomva kulira kwake!

Kunyumba anakhala masiku awiri osandilankhula. Tsiku lachitatu m'mawa, tikumwa tiyi, anatambasula dzanja lamanja patebulo. Anandiuza kuti zala zitatu zinachita dzanzi chaka chatha ndipo sizimvanso kanthu. Ankabisa poopa kuti abwana angawasiyitse ntchito. Anatinso pa zonsezi ine ndinalakwa chimodzi chokha: kukhala chete tsiku loyamba lija.

Pempho langa ndi limodzi. Muwaimbire foni, muwauze apite kuchipatala. Ine ndikanena amangoti mawa, koma inu ndinu akulu awo, sangakukanireni.

Mundiperekere moni kwa azakhali, achemwali ndi ana awo, ndiponso alamu anga. Akafunsa za amalume, muwauze kuti ali pantchito. Za pagetizo adzanena okha akadzafuna.

Tsalani bwino, Amayi.

Ndine mzime wanu.