Ndinapereka Lusiya pakati pa Chiuta

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Kuno tilipo ndithu, koma zachuluka chichokereni inu, ndiye ndati ndikhale pansi ndikuuzeni.

Ndiyambe ndi zabwino. Lusiya wanu uja, mwana wanga woyamba, ali ndi mwana wamkazi. Tamutcha dzina lanu. Ali ndi mphuno ya kwathu, ndipo akalira amamveka mpaka kuchigayo. Chinangwa chachita bwino chaka chino, koma mpunga wa kudambo mbalame zinatithandiza kukolola. Mpongozi wanu bondo lija likumuvutabe, makamaka kukazizira.

Tomasi wabwerako ku Nacala, ndipo sabwereranso. Mukukumbuka mmene munkanyadira kuti mwana wanu wotsiriza amatsitsa katundu m'sitima za panyanja yamchere? Ntchito ija yatha. Akuti katundu tsopano amabwera m'mabokosi achitsulo aakulu ngati nyumba, ndipo amanyamulidwa ndi makina. Munthu mmodzi amakhala m'kachipinda kagalasi m'mwamba, n'kumangodina ndi zala, pomwe kale pankatuluka thukuta la amuna ambirimbiri. Tsiku limene anafika anandiuza kuti, “Achimwene, chitsulo chija sichidwala msana, sichipita kumaliro. Tingapikisane nacho bwanji?” Ndinamumvera chisoni, koma mumtima ndinkati zimenezo ndi za kutali, sizingafike pa nyanja yathu ya Chiuta pano.

Zafika, amayi. Wamalonda wina wa ku Cuamba waika boti la motolo, loyendera injini, pa dooko lathu. Si lamtengo ayi, ndi loyera, lopepuka, ndipo limaoloka kupita tsidya la Malawi ine ndisanatuluke n'komwe m'mabango. Anthu amaliitana pa telefoni ali m'nyumba zawo. Ine ndimakhala pa dooko ndi bwato langa, lomwe lija linakubwezani kuno nkhondo itatha, muli ndi mtondo wanu ndi nkhuku m'dengu. Anthu amene ndawaolotsa kuyambira ali kumsana kwa amayi awo amandipatsa moni mwaulemu, n'kundidutsa. Munkakonda kunena kuti madzi sasunga mapazi a munthu. Kale ndinkangoseka mukatero.

Boti limenelo ndinkalitukwana tsiku ndi tsiku. Ndiye imvani zimene zinachitika.

Tsiku la Lusiya litakwana, azamba anati mwana wagona chopingasa, tithamangire kuchipatala cha tsidya lija. Kunali m'mawa, dzuwa litakwera, ndipo boti la motolo linali litaoloka kale ndi anthu a kumsika. Tinamugoneka m'bwato langa, ine ndi mwamuna wake Saide. Mphepo inkatiwomba kumaso. Ndinapalasa, amayi, monga sindinapalasepo chibadwire, koma mtunda wa tsidya sunkayandikira. Saide dzanja limodzi wagwira mutu wa mkazi wake, lina akuimba telefoni, kuimba ndi kuimba. Poyamba Lusiya ankakuwa. Kenaka anasiya kukuwa, n'kumangondiyang'ana. Pamenepo nkhafi yanga inkangolowa m'madzi ngati ya mwana.

Ndiye tinamva kulira kwa motolo. Boti lija linabwera likung'amba madzi, n'kuima pambali pathu. Tinamunyamula mwana wanga pakati pa nyanja, kumuchotsa m'bwato la bambo wake, kumuika m'boti lomwe ndinkalitukwana lija. Woyendetsa wake anati, “Bambo, musadandaule, tifika nawo pompano.” Sanandinyoze ayi. Ananyamuka, ine n'kutsala ndekha, mafunde awo akundigwedeza.

Ndinapitirizabe kupalasa, poti panalibenso china chochita. Pamene ndinkafika kuchipatala, anali atamuchita kale opaleshoni, mwana akuyamwa. Namwino anati tikanachedwa pang'ono tikanataya onse awiri.

Tsopano ndiuzeni inu, ndichite bwanji? Chinthu chimene chandilanda ntchito ndi chomwecho chandisungira mwana ndi mdzukulu. Kudana nacho sindingathenso. Likamadutsa ndimakweza dzanja. Koma kukweza dzanja sikudyetsa banja. Motolo sindingaikwanitse, ndipo ngakhale wina atandipatsa, bwato la mtengo umodzi lingagubuduke nayo. Mpongozi wanu akuti ndisiye za panyanja ndilimbikire khasu. Akunena zoona, koma ine kukacha miyendo imanditengera yokha ku dooko. Ndimakapeza Tomasi ali kale pamenepo. Timakhala awiri pamchenga, amuna amphamvu zathu, kumaonerera anthu akukwera. Nthawi zina pamabwera gogo wina woopa motolo, kapena munthu wa mbuzi zimene akanizidwa nazo kuboti, ndiye ndimaolotsa ameneyo.

Pali chinthu china chimene sindinakuuzeni. Chibwerereni, Tomasi sanafikebe pamanda panu. Akuti anakulonjezani kuti adzabwera ndi simenti ya ku Nacala adzakumangireni chiliza, ndiye akuchita manyazi kuonekera chimanjamanja. Ndamuuza kuti inu simunabweze mwana pakhomo chifukwa chosowa mphatso, koma amangoweramitsa mutu.

Tikukusowani, amayi, ine makamaka. Mvula isanagwe ndibwera kudzalambula pamene mwagonapo, ndipo mwana wanu wotsirizayo ndimukoka dzanja mpaka afike. Tidzangobwera ndi makasu basi. Mudzatilandire choncho.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Jowakimu