Ndodo ya Khumi ndi Chisanu

Lolemba, 15 Epulo

A Pruitt, mkulu wa zamasewera pa koleji pathu, anandiitana ku ofesi m'mawa. Khofi anandithirira okha, ndinadziwiratu kuti zaipa. Akuti akuluakulu akufuna kuthetsa timu yanga ya gofu ya atsikana. Tikakhala m'gulu la matimu atatu oyambirira ku mpikisano wa chigawo sabata yamawa, n'kupita ku wa dziko lonse, iwo apeza pogwira pokatilankhulira. Apo ayi, basi.

Akutinso ndilembe zonse zomwe ndachita pa ntchitoyi pa tsamba limodzi. Munthu amene anali ku pulayimale pomwe ine ndinkayamba ukochi.

Lachiwiri, 16 Epulo

Ndalemba. Kutchetcha udzu pa bwalo la gofu la kwathu ndili ndi zaka 16. Kunyamulira anthu olemera zikwama za ndodo. Wothandizira kochi zaka zinayi, kochi zaka 29. Zikho zisanu ndi chimodzi. Mpikisano wa dziko lonse kamodzi kokha, 2003, tinakhala nambala naini koma bandi ya koleji inatichingamira pa geti. Theka la tsamba latsala loyera.

Mkazi wanga Darlene wawerenga magalasi ali pamphuno, n'kuti malo otsalawo ndilembepo masiku obadwa a ana athu omwe ndinaphonya, adzaza.

Lachinayi, 18 Epulo

Mphepo ya Kansas lero, mpira ukungopita komwe wafuna. Atsikana ndawauza. Palibe analira. Marisol yekha anafunsa ngati malo ake a sukulu apitirire timu ikatha, poti ndi gofu anamulowetsa pano. Bambo ake amadula nyama ku fakitale ku Garden City, ndipo kwawo woyamba kuponda pa koleji ndi iyeyu. Ndinati tiona. Yankho ndikulidziwa.

Ndakhala naye ola lathunthu mu mchenga wa pa bwalo la gofu, kumuphunzitsa kutulutsamo mpira ndi Nkhalamba, ndodo yanga yakale ya chogwirira chomanga ndi tepi. Atsikana ndi amene anaipatsa dzinalo. Amati ine ndi iyo tinabadwa tsiku limodzi.

Pomaliza ndinawerenga ndodo m'chikwama cha aliyense ndi chala, mokweza, monga ndimachitira. Lamulo limati khumi ndi zinayi, osapitirira. Kendra, wapakamwa uja, anafunsa ngati ndimaganiza kuti ndodo zimaswana m'chikwama. Nditatsegula pakamwa kuti ndinene mawu anga aja, onse asanu anandilanda n'kuyimba pamodzi ngati ana a sande sukulu, kuti pa gofu palibe woyimbira akutsata, ukalakwa umadziulula wekha. Ndinaseka nawo.

Lolemba, 22 Epulo

Tsiku loyamba la mpikisano. Nambala faivi. Bondo latupa.

Lachiwiri, 23 Epulo

Nambala fili, ndi pointi imodzi yokha! Marisol wasewera ngati palibe chomuopsa. Darlene pa foni akuti ndisayambe kudziona pa geti ndi bandi. Sindinamuuze kuti ndayamba kale.

Lachitatu, 24 Epulo

Nambala folo. Taperewera ndi mapointi awiri. Lero sindilemba.

Lachinayi, 25 Epulo

Ndilembe, mwina chichoka pachifuwa.

Dzulo m'mawa tisanayambe, Marisol anapempha timenyeko mipira ingapo mu mchenga. Ndinatenga Nkhalamba. Foni inalira, a Pruitt, kufuna kundifunira mafuno abwino. Manja anali odzaza, ndiye ndodoyo ndinangoilonga m'chikwama chomwe chinali pafupi, cha Marisol, n'kupita pambali kukayankha. Anayankhula, kuyankhula. Pobwerera ndinapeza dzina lake aitana kale, wamenya mpira woyamba. Ndodo zake sindinawerenge. Zaka 29, koyamba.

Pa dzenje lachitatu ndinali naye. Anapisa dzanja m'chikwama, n'kuima chilili. Ndinaona tepi ija. Ndodo khumi ndi zisanu. Chilango chake ndi mapointi awiri pa dzenje lililonse lomwe wasewera nayo, ndiye anayi pa maenje awiri omwe anali atamaliza, ndipo pa gofu wochuluka mapointi ndiye wagonja.

Atsikana awiri a matimu ena omwe ankasewera naye anali patsogolo, atatipatsa msana. Ndinayang'ana uku ndi uku. Ine ndemwe, ndinayang'ana uku ndi uku. Ndinali nditavala jekete lalitali la mvula, ndodo ikanalowa bwinobwino.

“Palibe waona,” ndinatero. “Ndipatse.”

Anandiyang'ana. Sanakwiye, bola akanakwiya. Kenako anasolola ndodoyo, n'kuikweza m'mwamba, n'kuitana anzakewo mayina. Anamaliza maenje onse osandiyang'ananso, ndipo anasewera bwino kuposa dzana. Popanda anayi aja tikanadutsa ndi awiri.

Mu basi pobwerera Kendra anafunsa kuti Nkhalamba inalowa bwanji m'chikwama. Ndinati ndine, ndinalakwitsa. Zimenezo ndinavomera. Zinazo ayi. Marisol anali atatsamira windo, ndodo ija ili pakati pa miyendo yake.

Lachisanu, 26 Epulo

Kalata yafika. Timu itha mwezi wamawa. Atsikana ali ndi ufulu wofuna malo ku makoleji ena, akutero. Kendra ndi mnzake Bethany akumaliza sukulu chaka chino, alibe vuto. Awiri enawo makolo awo akwanitsa. Marisol watsala ndi zaka ziwiri.

Loweruka, 27 Epulo

Nyuzipepala ya m'tauni yalemba za ife, chithunzi changa chachikulu pamwamba, cha Marisol kakang'ono pansi. Akuti awa ndi ana a Kochi Tillery, amene waphunzitsa chilungamo kwa zaka 29. Ku sitolo munthu wosamudziwa wandigwira chanza. A Pruitt aimba, akuti pa mwambo wonditsanzika andipatsa chikwangwani cha ulemu, ndipo nkhani ya ndodo ailemba pomwepo. Akuti idzaza bwino theka la tsamba lija.

Darlene wadula nkhani ya m'nyuzipepala ija n'kuimata pa filiji. Zaka 36 tili limodzi, sindinamubisirepo kanthu koposa fodya. Chakudya chamasana ndadyera pakhonde.

Lamlungu, 28 Epulo

Kutchalitchi sindinapite. Ndatchetcha udzu womwe ndinatchetcha kale Lachisanu.

Lolemba, 29 Epulo

Ndimalongedza zikho m'makatoni ku ofesi pomwe Marisol anagogoda. Chitseko chinali chotsegula, ndipo zaka ziwiri zonsezi sanagogodepo. Nkhalamba anaiyedzamiritsa pakhoma. Akuti kuli koleji ina ku Oklahoma yomwe mwina ili ndi malo amodzi, koma kochi wake akufuna kalata yochokera kwa ine pofika Lachitatu. Ndinati ndilemba lero lomwe. Ndinamuuza akhale pansi, anati ali ndi kalasi.

Ndinayamba kunena za dzenje lachitatu. Anandidula.

“Sindinauze aliyense, ndipo sindidzauza. Bambo anga aisunga nyuzipepala ija m'Baibulo.” Anakonza chikwama chake cha mabuku paphewa. “Zikomo chifukwa cha kalatayo, a Tillery.”

A Tillery. Ngakhale tsiku lomwe ndinakamuona koyamba ku sekondale kwawo anandiitana Kochi.

Kalata ndayamba katatu. Kochi wa ku Oklahoma akufuna kudziwa ngati mtsikanayu ndi wodalirika, ndipo umboni weniweni ndili nawo ndine ndekha. Ndalemba kuti, “Pa 24 Epulo, pa dzenje lachitatu, ine ndinamuuza kuti palibe waona.” Cholembera ndachiika pansi. Darlene akuimika galimoto panja, wabwera kudzandithandiza makatoni, ndipo pepalali ndalisiya poyera pa tebulo.