Bedi la Malemu Peterson

Lolemba, 6 Januwale
Thyolo. Ntchito ya ukalaliki pa sikelo ya tiyi, nyumba ya esiteti, lendi adzadula kumalipiro. Zipinda ziwiri, mulibe ngakhale mpando, angosiyamo misomali pakhoma. Ndagona pa makatoni, simenti kuzizira ngati ya kumochale. Anthu akuno akandiona amatembenukira ku Chilomwe. Andipatsa kale dzina: Wakukaronga.

Mkazi wanga Suwi akubwera pa 18. Mimba ya miyezi isanu ndi iwiri. Ndinamuuza kuti zonse zilipo, bedi lomwe. Pakamwa pangapa!

Lachitatu, 8 Januwale
Kapitawo wandiuza za nyumbayi. Munkakhala a Peterson, dalaivala wa thirakitala, anamwalira mu Novembala. Nyumba imayenda ndi ntchito, ndiye mkazi wawo, a Vailet, anatulutsidwa. Akukhala m'kakhitchini ka mchemwali wawo, akuthyola tiyi m'gulu langa. Bedi lawo la mlombwa laimikidwa pakhonde chifukwa silikwana m'kati. Ndawafunsa ngati angandigulitse. Akuti, "Siligulitsidwa, akalaliki. Ndi chokhacho anandisiyira."

Chokhacho! Nanga mkazi wanga agone pa katoni?

Lolemba, 13 Januwale
Lamulo la pasikelo: masamba awiri ndi nsonga. Okhwima timabweza, onyowa timadula makilo. Woona ngati akhwima ndine. Dengu la a Vailet ndalikhuthula pansi katatu sabata yathayi, asankhenso, anzawo akupita. Masamba ake analibe vuto, ndikudziwa. Anagwada m'matope n'kuyamba kusankha.

Sindinaumbe dzikoli ndine. Nanenso ndimapindika msana pa simenti.

Lachinayi, 16 Januwale
Kapitawo wawachenjeza a Vailet: makilo akapitiriza kuchepa, dzina lawo lichoka m'kaundula. Ndinali pomwepo, ndikusewera ndi cholembera. Ndangoti, "Za bedi zija mwaganizapo?" Anandiyang'ana nthawi yaitali. Mvula tsiku lonse.

Lachisanu, 17 Januwale
Bedi labwera! A Vailet alisenza okha ndi mchemwali wawo, matilesi omwe. Sanafunse n'komwe kumene likhale, angolilowetsa kuchipinda, miyendo yagwera ndendende pa zipsera zake zakale pa simenti. Ndawapatsa ndalama ya matumba awiri a makala. Potuluka akuti, "Anafera mbali ya kukhomayo. Mugone bwino."

Zoopseza ana. Ndatembenuza matilesi, ndayala nsalu yatsopano ya ku Bvumbwe. Lero dengu lawo ladutsa bwinobwino.

Loweruka, 18 Januwale
Suwi wafika, miyendo yotupa. Wagona mbali ya kukhoma, akuti, "Lusayo, wachita bwino." Ndasangalala, bodza lilibe phindu. Sindimuuza kanthu.

Lachiwiri, 21 Januwale
Ndinaiwala kuti mpopi ndi umodzi mzere wonse wa nyumba. A Vailet amusenzera Suwi ndowa mpaka pakhomo, ati wapakati asanyamule. Amufotokozera zonse, za malemu, za dengu, za matope. Mosakweza mawu, akutero Suwi.

Ndabwera kuntchito, bedi lili panja, mvula ikulimenya. Walikoka yekha ndi mimbayo. Wayala makatoni anga aja pakona.

"Mwana wanga sadzagona pa misozi ya munthu. Mawa ulisenze wekha ukawabwezere a Vailet, masana, anthu akuona."

Ndayesa kumugwira phewa. Wasuntha katoni.