Timipeni ta Abambo Tapita ndi Jekete

Mikaili,

Pepa aise, tiyi umwa wekha, ine ndathamangira ku depoti. Ukukumbukira timipeni topinda tija abambo ankatolera ku msika wa Tsoka, tina ta chogwirira cha nyanga, tina cha mtengo? Dzulo achibale atabwera kudzagawana katundu wa malemu, ndinatibisa m'matumba a jekete yawo yong'ambika ija, poganiza kuti palibe angaiyang'ane kawiri. Nsapato zinapita, wailesi inapita, jekete inatsala pamsomali.

M'mawa uno ndili kubafa ndamva abambo aang'ono a ku Mitundu akuti, "Kulemera chonchi, iyi ndi yakunja yeniyeni!" Ine kumayesa akunena bulangeti. Potuluka ndapeza msomali wokha pakhoma, iwo atapita kale atavala jekete ija. Aphunzitsi anga a ku koleji sananame ponena kuti mutu wangawu sugwira.

Abambo aang'onowo aiwala chipewa chawo pampando. Akachibwerera, usawalole achoke. Uwapatse tiyi wanga, uwafunse za mitengo ya fodya, sanyamuka mpaka madzulo. Koma za m'matumba usatchule, angati nalonso ndi gawo lawo. Mbatata ili pamoto, uiphule isanapserere.

Kampeni kakang'ono kaja ndimayenda nako tsiku lililonse kalinso momwemo. Ndi kamene abambo ankandisendera nako nzimbe uku akundikalipira za sukulu. Dzanja langa likungolowa m'thumba n'kutuluka lopanda kanthu. Zina zonsezo sindinalimbane nawo, atenge. Koma kameneka ndikatenga, ngakhale ndikafike ku Mitundu wapansi.

Ukandiona ndachedwa, usakhome geti.

Lexon