Bambo Akwera Sitima ya Katundu

Achimwene,

Bambo akwera sitima yapamadzi ya katundu m'mawa uno, ine ndatsala kumtunda. Muli bwanji kumeneko, alamu ndi ana? Ine m'thupi ndili bwino. Ndalemba m'malo moimba foni kuti ndifotokoze zonse bwinobwino.

Adokotala atanena kuti kuiwala kwa Bambo kukukula, munati ndiwaperekeze akaonenso doko lomwe ankagwirako ntchito yomanga zingwe za sitima. Ndinawerenga za madoko akale awiri. Onse ali ndi nsanja ya nyali yowunikira sitima, nyumba zamiyala zosungiramo katundu, ndi tinjira topapatiza totsikira kumadzi. Koma la Bambo linasanduka la alendo: mosungira katundu muja muli malesitilanti, sitima sizibweranso, ndipo masitepe ake mawondo awo sangawathe. Doko lachiwirilo ndi lathyathyathya, chipatala chili pafupi, sitima zikugwirabe ntchito. Ndinasankha limenelo osakuuzani.

Titatsika basi, Bambo ananunkhiza mpweya n'kunena kuti afika kwawo. Sindinawatsutse. Anandionetsa khoma lomwe amati ankakhalapo podya nkhomaliro, n'kumandiseka kuti ndikuyenda ngati nkhuku yoopa kunyowa mapazi.

Chomwe sindinachiganizire n'chakuti doko lomwe likugwira ntchito limaitana antchito. M'mawa uno, ndili kubafa kunyumba ya alendo komwe tinagona, sitima inaliza hutala. Potuluka ndinapeza chitseko chili chotsegula, nsapato zawo palibe, jakisoni wawo wa matenda a shuga ali patebulo.

Mlonda wa pageti la doko akuti anaona mdala akuthamanga, akukalipa kuti achedwa. Mdalayo anamasula chingwe cha sitimayo, n'kuchikulunga, n'kukwera nacho. Akuti munthu wogwira chingwe motero sumufunsa chiphaso.

A ku ofesi ya doko alankhula ndi kaputeni wa sitimayo pa wailesi. Bambo alimo. Akukana kukhala pansi, akufuna kuima m'mphepete kuti aziyang'anira zingwe, ndipo akufunsa anzawo amene anamwalira kalekale. Kaputeni akuti sangabwerere asanatsitse katundu pachilumba, komwe kulibe chipatala. Ndapempha kuti asawapatse tiyi wa shuga, koma anali atawapatsa kale.

Namwino wa kuno akuti munthu wamsinkhu wawo tsiku limodzi popanda jakisoni akhoza kupirira, akhozanso kukomoka. Ndinamufunsanso mwa njira ina, yankho silinasinthe. Mphepo nayo yayamba, ndipo asodzi akukokera mabwato awo kumtunda. Achimwene, ndili ndi mantha.

Chonde, Amayi musawauze pafoni. Pitani nokha, mukakhale nawo pansi, mtima wawo mukuudziwa. Ine mudzandikalipira tikabwera, sindidzayankha.

Mulungu akusungeni nonse. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti apempherere agogo awo.

Sitima ikuyembekezeka mawa masana ngati mphepo ingalole. Ndikakhala padoko ndi namwino, jakisoni ali m'manja.

Ndine mlongo wanu wamng'ono.